Eni Ake a Bentley Yakale

Ku England, galimoto yakale yapamwamba siigulitsidwa yokha. Imapita ndi chikwatu cha mapepala, ndipo wogula wodziwa zinthu amayamba wakhala pansi n'kuvundukula chikwatucho asanapemphe n'komwe kuti amve kulira kwa injini. Amafuna kudziwa amene anaigula koyamba, amene anaigula kwa ameneyo, kumene inagona zaka zonsezi, ndi amene anaimasulapo mabawuti. Magalimoto awiri ofanana, otuluka m'fakitale imodzi chaka chimodzi, amasiyana mtengo kutalitali chifukwa choti ina ili ndi mbiri yolembedwa pomwe inzake mbiri yake ndi ya pakamwa.

Ine ndinalowa m'nkhani zimenezi chifukwa cha achikulire ena amene timapemphera nawo mpingo umodzi kuno ku Midlands. Anagwira ntchito ya uinjiniya moyo wawo wonse, ndipo kuseri kwa nyumba yawo kuli galaja momwe mumagona Bentley Mark VI yakuda. Maso awo afooka, zilembo zing'onozing'ono sakuzionanso. Mwana wawo wamkazi, amene adzatsale ndi galimotoyo, wakhala akuwaumiriza kuti alongosole mapepala ake iwo akadali ndi mphamvu. Tsiku lina titatuluka m'tchalitchi anandikokera pambali.

"Mwana wanga, iwe maso ako akadali akuthwa. Ubwere kunyumba udzandiwerengere mapepala aja, tione kuti galimoto imeneyi inadutsa m'manja mwa ndani ndi ndani isanandipeze ine."

Nditafika anandipatsa katoni ya nsapato yodzaza malisiti, makalata ndi timabuku. Anawonjezanso mawu amene wogulitsa anawanong'oneza kalekale pamene ankaigula: akuti galimotoyi inakhalapo ya katswiri wina wa mafilimu.

Mark VI ndi galimoto ya pambuyo pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse. Inapangidwa kuyambira 1946 mpaka 1952 ku Crewe, m'fakitale imene Rolls-Royce inamanga mu 1938 kuti izipangiramo mainjini a ndege otchedwa Merlin. Dzina ndi la Bentley, koma kampani ya W.O. Bentley inali itagwa kale n'kugulidwa ndi Rolls-Royce mu 1931. Nkhondo isanayambe munthu sankagula Rolls-Royce kapena Bentley yathunthu. Ankagula chasisi yokha, yokhala ndi injini, magiya ndi mawilo, n'kupita nayo kwa amisiri omanga bodi monga Hooper, Barker, Park Ward kapena H.J. Mulliner, amene ankamanga mokhala anthu ndi matabwa komanso aluminiyamu monga mwiniwake wafunira. Mark VI ndiyo inali yoyamba kutuluka m'fakitale itavala kale bodi yachitsulo, yochokera ku kampani ya Pressed Steel ku Cowley, mumzinda wa Oxford. Anapanga zopitirira pang'ono 5,000. Mu 1946 mtengo wake unali pafupifupi mapaundi 3,000, ndalama zoti munthu akanagula nyumba yabwinobwino n'kutsalako chenje.

Achikulirewo anandichenjeza poyamba pomwe kuti ndisadalire nambala imene ili kutsogolo ndi kumbuyo kwa galimoto. Ku Britain nambala zakale ndi malonda pazokha. Munthu amachotsa nambala yaifupi yokongola pa galimoto yakale, n'kuigulitsa kwa mpondamatiki wofuna kuinyadira pa Range Rover yake, ndipo galimoto yakaleyo boma limaipatsa nambala ina. Imene siisintha ndi nambala ya chasisi, yolembedwa pa kachitsulo pansi pa boneti komanso yodindidwa pa chasisi penipenipo. Ya Mark VI imayamba ndi B, kenako manambala, kenako zilembo ziwiri zosonyeza gulu limene galimotoyo inapangidwiramo. Nambala 13 ankaidumpha dala. Kaya mainjiniya ophunzira bwino aja nawonso ankaopa malodza, kaya ankangodziwa mtima wa makasitomala awo, zonse n'zotheka. Tinapukuta kachitsuloko ndi kansanza, ine n'kumawerenga mokweza iwo akulemba ndi zilembo zikuluzikulu.

Nambala imeneyo tinaitumiza ku Rolls-Royce Enthusiasts' Club, kalabu imene inayamba mu 1957 ndipo kwa zaka zambiri likulu lake lakhala ku Hunt House, m'mudzi wa Paulerspury ku Northamptonshire. Kumeneko kukusungidwa makadi a fakitale a magalimoto zikwizikwi, ndipo ukalipira amakutumizira makope. Eni Jaguar amalembera ku Jaguar Daimler Heritage Trust, eni Rover kapena MG ku British Motor Museum ku Gaydon, koma zolemba za Rolls-Royce ndiye zimafika patali.

Khadi ya fakitale ndi yokoma kuiwerenga. Mlembi wa ku Crewe analembapo masiku amene galimoto inayesedwa ndi kuperekedwa, mtundu wa penti, mtundu wa chikopa cha mipando, sitolo ya magalimoto imene inaitanitsa, ndi dzina la wogula. Makadi a nkhondo isanayambe amafika mpaka polemba kuti muzikwera anthu angati ndi katundu wolemera bwanji, chifukwa masipuling'i ankawasankha malinga ndi kulemerako. Munthu wonenepa wa mu 1930 sakanabisala. Khadi yathu inatiuza zinthu ziwiri zimene achikulire sankayembekezera. Galimoto yakudayi inabadwa yotuwa. Ndipo woigula woyamba sanali munthu koma kampani, fakitale yoluka nsalu za ubweya wa nkhosa ku Yorkshire, dzina la mkulu wake litalembedwa pansi ndi zilembo zing'onozing'ono.

Zimenezi zili ndi chifukwa chake. Britain inatuluka m'nkhondo ili ndi ngongole zosaneneka, ndipo boma linkagawa chitsulo kwa opanga magalimoto poona kuti akugulitsa angati kunja. Magalimoto otsala m'dziko anali ochepa, mzere wa odikira unali wautali, ndipo wogula galimoto yatsopano ankasainira pangano loti saigulitsa msanga, poopa kuti angaitenge lero n'kukaiphera makwacha mawa. Misonkho ya anthu olemera inalinso yowawa, choncho ambiri ankagula m'dzina la kampani. Ndiye kuti "mwini woyamba" amene ogulitsa amam'tchula monyadira nthawi zambiri amakhala mzere wa m'buku la akauntanti. Amene ankakhala pampando wakumbuyo ndi wina, amene ankagwira chiwongolero ndi winanso.

Kuseri kwa khadiyo kunali mayina ena, olembedwa ndi manja osiyanasiyana, inki yosiyanasiyana. Dokotala wina wa m'tauni ya kugombe la nyanja. Kenako mkazi wa dokotalayo, pa adiresi yomweyo. Titafufuza m'kaundula wa chuma cha masiye, amene ku England aliyense akhoza kumuona, tinapeza kuti dokotalayo anamwalira chaka chimene dzina linasinthira, ndiye nkhaniyo inadzilongosola yokha. Pambuyo pa mayi wamasiyeyo, zii.

Pamenepa ndi pamene ndinayamba kuiona khadiyo ndi diso lina. Khadi ya fakitale imasunga mbiri ya makasitomala, osati ya galimoto. Dzina linkalembedwa ngati mwini watsopano walembera kalata ku kampani, waitanitsa sipeyala, kapena wapita nayo galimoto kwa ogulitsa ovomerezeka monga Jack Barclay ku Berkeley Square, kapena ku galaja ya kampani ku Hythe Road mu London. Galimoto ikatsika mtengo n'kugwera m'manja mwa munthu amene thumba lake silingafike ku malo oterowo, fakitale inkasiya kuidziwa. Galimoto inkayendabe, inkamwabe petulo, inkanyamulabe anthu, koma pa pepala inali itasowa. Zolemba zimachuluka pamene pali ndalama ndipo zimatha pamene ndalama zathera, ndiye ukamawerenga mwachisawawa umaganiza kuti galimoto inakhala moyo wake wonse pakati pa mabwana.

Njira yachiwiri ndi buku la boma, limene kwathu timalitcha buluu buku. Ku Britain linayamba mu 1921, linali la mtundu wa khaki, ndipo linkaperekedwa ndi khonsolo ya dera, osati likulu. Nthawi iliyonse mwini akalipira msonkho wa pamsewu ankadindamo chidindo, ndipo galimoto ikagulitsidwa dzina latsopano linkalembedwa pansi pa lakale. Vuto lake, mipata ya mayina inali yochepa. Buku likadzaza khonsolo inkalitenga n'kupereka lina lopitiriza, loyambira pa mwini wa nthawi imeneyo, ndipo am'mbuyo onse ankatsalira m'buku lakale lija. Kenako m'zaka za m'ma 1970 boma linasamutsira ntchito yonse ku kompyuta ya ku Swansea, kumene lero kuli DVLA. Makhonsolo ambiri anawononga zolemba zawo. Zina zinapulumuka m'nyumba zosungira zakale za m'maboma, zina ku bungwe la Kithead Trust, koma zimatengera mwayi wa dera limene galimoto inalembetsedwa. Galimoto imene inali itagona m'khola la ng'ombe osalowetsedwa m'kompyutamo pofika 1983 inataya nambala yake, ndipo eni ake a lero amachita kuichonderera kudzera m'makalabu, ndi fomu yotchedwa V765.

Pali chinanso chimene anthu ambiri sachilabadira. Pepala la masiku ano, V5C, limanena lokha patsamba loyamba kuti si umboni wa umwini. Limangosonyeza amene akusunga galimoto ndi kuyankha mlandu wake. Boma la Britain silinalonjezepo kukuuzani mwini galimoto. Limangofuna kudziwa woti lim'tumizire chindapusa.

M'katoni ya achikulire munali buku lopitiriza limodzi, la kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, ndipo dzina loyamba m'menemo silinali la mayi wamasiye uja. Pakati pa mayiyo ndi dzina limeneli panali zaka zingapo zopanda pepala lililonse. Nthawi imeneyo ndi imene Mark VI inali pa umphawi wake. Chitsulo cha pambuyo pa nkhondo sichinali chabwino, ndipo mabodi a Pressed Steel ankadyedwa ndi dzimbiri kuyambira m'mapiko a mawilo akumbuyo ndi m'munsi mwa zitseko. Injini yake ya masilinda 6, ya malita 4 ndi kota, inali yosafa, koma bodi inkafumbwa. Silver Cloud inali itatuluka mu 1955, Silver Shadow mu 1965, ndipo palibe bwana amene ankafuna kuonedwa m'galimoto ya fasho yakale. Ma Mark VI ambiri anathera kwa ophwanya zitsulo. Ena anyamata anawavula bodi n'kuwamangira ina yopepuka, yopanda denga, yothamangira. Ena anakhala ganyu ya maukwati, monga momwe ma Rolls-Royce a nkhondo isanayambe anasandukira magalimoto onyamula maliro ndi okokera anzawo owonongeka.

Pamene mapepala asowa, galimoto yeniyeniyo imayamba kuchitira umboni. Titatsegula chitseko chakumbuyo n'kukanda pang'ono m'mphepete mobisika, tinapeza penti yakuda pamwamba, yoyera pansi pake, yotuwa pansi penipeni. Titanyamula mpando wakumbuyo tinapeza timapepala tamitundumitundu timene azungu amawaza akwati potuluka m'tchalitchi, titauma n'kumatirira m'makona. Achikulire anaseka mpaka kutsokomola.

"Ndiye katswiri wa mafilimu uja ankakwatira Loweruka lililonse?"

M'katonimo munalinso timapepala tozungulira ta msonkho, tija ankamata pa galasi lakutsogolo kuyambira 1921 mpaka boma litatithetsa mu Okutobala 2014. Kalikonse kali ndi chidindo cha ofesi imene kanagulidwa, choncho ukatiyala patebulo motsatana umaona galimoto ikusamuka tauni ndi tauni. Ziphaso za MOT, mayeso a chaka ndi chaka amene anayamba mu 1960, zimalemba mamailosi. Koma wotchi ya mamailosi ya nthawi imeneyo ikafika 99,999 imabwerera pa ziro, ndiye "mamailosi ochepa" amene ogulitsa amalengeza amafunika kuwafunsa kuti ndi ochepa paulendo wachingati.

Kale munthu ankalembera ku DVLA n'kulandira mayina a onse amene anasungapo galimoto yake. Masiku ano malamulo oteteza zinsinsi za anthu anatseka khomo limenelo, ndipo okonda magalimoto akale amadandaula kwambiri. Ine sindidandaula nawo kwenikweni. Munthu amene anagulitsa galimoto zaka makumi atatu zapitazo sanalonjeze kuti adzalandira alendo pakhomo pake mpaka imfa. Njira imene yatsala ndi yaulemu kuposa yakaleyo: umaika chithunzi ndi nambala m'magazini ya kalabu kapena m'nyuzipepala ya dera, n'kudikira kuti wofuna kulankhula alankhule yekha. Ife tinatero m'tauni imene zidindo za msonkho zinkaloza. Patapita nthawi kunabwera kalata ya mayi wina wachikulire. Bambo ake anali ndi galaja yaing'ono ndi magalimoto awiri a maukwati. Iye ali mtsikana ndiye ankamanga maliboni oyera pa boneti ndi kusesa mkati Lamlungu m'mawa. Anaikamo chithunzi: galimoto yoyera pakhomo la tchalitchi, nambala ikuoneka bwinobwino, bambo wovala chipewa cha udalaivala atagwira chitseko. Analemba kuti bambo akewo ankaitcha "nkhalamba", ndipo kuti ndalama za nkhalambayo n'zimene zinam'phunzitsa unamwino.

Za katswiri wa mafilimu sitinapeze kanthu, pa khadi, m'buku, m'malisiti, ngakhale m'kalata ya mayiyo. Sindinadabwe. Pafupifupi galimoto iliyonse yakale yapamwamba imabwera ndi mphekesera yotere, ya mfumu ya ku India, ya nduna, ya woimba, ndipo chifukwa chake n'chosabisika. Taonani Rolls-Royce Phantom V ya John Lennon wa gulu la Beatles. Anailandira mu 1965 ili yakuda, nambala yake FJB 111C, chilembo C chomaliziracho chikusonyeza chakacho. Ndi imene inanyamula anyamata anayiwo kupita ku Buckingham Palace kukalandira mendulo za MBE. Mu 1967 anaipakitsa penti yachikasu ndi maluwamaluwa, anthu akuluakulu a ku England n'kukwiya ngati watukwana mbendera. Mu 1977 inaperekedwa ku Cooper-Hewitt Museum ku New York pa nkhani ya msonkho, ndipo mu 1985, pa okushoni ya Sotheby's, wabizinesi wa ku Canada Jim Pattison anaigula pa madola 2,299,000. Lero ili ku Royal BC Museum mumzinda wa Victoria. Chitsulo chake n'chimodzimodzi ndi cha Phantom V ina iliyonse. Chimene Pattison analipira ndi dzina, ndipo dzinalo linali ndi mapepala pa sitepe iliyonse. Wogulitsa aliyense amaidziwa nkhani imeneyi kapena inzake, ndiye akaona zaka zopanda pepala m'mbiri ya galimoto yake amayesedwa kulowetsamo munthu wotchuka. Mpata wopanda umboni sutsutsa aliyense. "Akuti" wa wogulitsa woyamba amasanduka "zimadziwika kuti" kwa wachiwiri, ndipo wachitatu amazisindikiza m'kabuku ka okushoni.

Funso lina limene limabwera ukakhalitsa pa mapepala otere ndi lakuti kodi mbiri imene ukulondolayi ndi ya chiyani kwenikweni. Malisiti a m'katoni ankasonyeza kuti mapiko anasinthidwa, pansi pa zitseko anawotcherapo zitsulo zatsopano, injini inatsitsidwa n'kumangidwanso, chikopa cha mipando yakutsogolo si cha ku Crewe. Nanga chatsala n'chiyani cha galimoto imene mkulu wa fakitale ya nsalu uja anakwera?

Funso limeneli linafikapo ku khothi lalikulu ku London mu 1990. Galimoto yake inali Bentley Speed Six yotchedwa Old Number One, imene inapambana mpikisano wa maola 24 wa Le Mans kawiri: mu 1929 ikuyendetsedwa ndi Woolf Barnato ndi Tim Birkin, mu 1930 ndi Barnato yemweyo ndi Glen Kidston. Pambuyo pake makaniko wa Barnato, Wally Hassan, anaimanganso pa chasisi ina n'kuikamo injini yokulirapo. Mu 1932 inachita ngozi pa bwalo la Brooklands, dalaivala wake Clive Dunfee n'kufera pomwepo, ndipo inamangidwanso kachikena, ulendo uno ndi bodi ya denga. Patapita zaka zambiri, mwini wake Edward Hubbard anagwirizana ndi kampani ya Middlebridge Scimitar kuti aigulitse pa mapaundi 10 miliyoni. Ogulawo anabwerera m'mbuyo, nati iyi si galimoto imene inapambana ku Le Mans, zitsulo zake zambiri ndi zina. Jaji Otton anagamula mokomera Hubbard. Anavomereza kuti galimotoyo sinalinso monga inatulukira m'fakitale, koma anati mbiri yake sinaduke: kusintha kulikonse kunachitika pa galimoto yomweyo, motsatana, ndipo panalibe galimoto ina pansi pano imene ikanalimbirana nayo dzinalo.

Munthu wakwathu chigamulo chimenechi sachiona chachilendo. Dzina la ufumu silifa. Amene wakhala pampando lero si thupi limene linakhalapo zaka zana zapitazo, koma akuluakulu akatha kutchula mzere wonse, kuchokera kwa malume kupita kwa mwana wa mlongo wake, osadumpha, palibe amene amaimirira n'kunena kuti uyu si mfumu yathu. Koma chimene chinandigwira mtima pa mlandu wa Old Number One ndi mboni. Barnato anali atamwalira mu 1948. Birkin ndi Kidston anali atapita kale m'zaka za m'ma 1930. Amene anatsala woti n'kufotokozera khothi chimene chinachotsedwa ndi chimene chinaikidwa anali Hassan, makaniko, ali ndi zaka 78. Mlandu wa mapaundi 10 miliyoni unafuna munthu amene anagwira sipanala.

Pansi penipeni pa katoni ya achikulire panali kabuku kakang'ono kachikuto cholimba, kolembedwa ndi pensulo. Kanali ka zaka zoyambirira, nthawi ya fakitale ya nsalu. Tsamba lililonse linali ndi tsiku, mamailosi, magaloni a petulo, ndi mawu ochepa: mafuta a injini asinthidwa, mabuleki akokedwa, tayala lakumanzere laphulika pa msewu wa ku Leeds. Mpaka mwezi wa Meyi 1950 petulo ku Britain ankagulidwa ndi makuponi, ndipo wolembayo ankawerengera kuponi iliyonse. Mark VI ili ndi kachopondera pansi pa dashibodi kamene ukakaponda kamatumiza mafuta m'timapaipi kupita m'mfundo zonse za chasisi. Dalaivala waulesi amakaiwala, mfundo n'kuuma, n'kudyeka. Uyu ankaika kachizindikiro m'mphepete mwa tsamba nthawi iliyonse akakaponda, ndipo tizizindikiroto tinandandalika tsamba ndi tsamba osaphonya. Achikulire, amene ndi injiniya, anandiuza ndiwawerengere masamba angapo, kenako anati: "Galimoto iyi ikuyenda lero chifukwa cha munthu ameneyu. Enafe tangodyerera."

Dzina lake mulibe m'kabukumo. Pachikuto pali zilembo ziwiri zoyambira mayina, basi. Rolls-Royce inali ndi sukulu yakeyake yophunzitsa madalaivala, kumene mabwana ankatumiza antchito awo kukaphunzira kusamala galimoto, kusintha magiya mosagwedeza bwana, ndi kutsegula chitseko. Kampani inkadziwa bwino lomwe kuti mbiri yake yabwino ili m'manja mwa anthu amenewa. Koma pa khadi panalibe mzere wawo. Khadi ili ndi malo a mtundu wa chikopa, ilibe malo a munthu amene ankachipukuta.

Apa ndi pamene ine ndimasiyana ndi momwe mbiri za magalimoto otere zimalembedwera m'mabuku a okushoni. Zimakhala ngati mndandanda wa maulemu: bwana uyu, dokotala uyu, mkulu wa asilikali uyu, kenako kudumpha zaka makumi awiri ndi mawu amodzi, kenako wolemera amene "anaipulumutsa". Koma wolemera wa kumapetoyo anapeza choti apulumutse chifukwa wina anaponda kachopondera kaja, ndipo winanso, wa galaja yaing'ono, anaona kuti kuipaka penti yoyera n'kumanyamulira akwati kuli bwino kusiyana ndi kuigulitsa kwa ophwanya zitsulo. Zaka za umphawi zimene ogulitsa amachita nazo manyazi ndi zimene galimoto inagwira ntchito yeniyeni. Mkulu wa fakitale ya nsalu anaikwera zaka zochepa. Akwati amene inawanyamula ndi ochuluka kuposa eni ake onse kuwaphatikiza pamodzi.

Polemba mbiri yonse tinagwirizana kuti chilichonse chikhale ndi pepala lake pambali. Pamene pali khadi tinati khadi ikutero. Pamene pali kalata ya mayi uja tinati akutero ndi mwana wa mwini galaja, chithunzi nachi. Zaka za pakati pa mkazi wa dokotala ndi galaja ya maukwati tinazisiya zoyera, n'kulemba kuti palibe pepala. Za katswiri wa mafilimu ndinafunsa achikulire ngati tizitchule.

"Bambo, tilembe kuti anthu amanena choncho?"

"Ayi. Ukalemba kuti amanena, mdzukulu wanga adzafufuta 'amanena'. Lemba za dalaivala uja. Uike zilembo zake ziwirizo pamndandanda, pakati pa kampani ndi dokotala."

Ndinatero, ngakhale kuti mwalamulo munthuyo sanakhalepo mwini wa bawuti ngakhale imodzi ya galimotoyo. Wogula wa mawa mwina adzaona kuti mndandanda wotere suwonjezera paundi pa mtengo. Zimenezo ndi zake.

Magalimoto a ku Britain anafikanso kwathu, ndipo sanadziyendetse okha. Ku Zomba nthawi ya atsamunda, m'maesiteti a tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje, m'makampani a ku Blantyre ndi ku Limbe, pa chiwongolero pankakhala bambo wa winawake, amene ankadzuka m'bandakucha kutsuka galimoto imene sakanaloledwa kukwezamo mkazi wake. Akuluakulu amakumbukira Rolls-Royce yopanda denga imene Kamuzu Banda ankaimiriramo akugwedeza litchowa, amayi akuvina m'mbali mwa msewu. M'nkhani zonse zimene timakamba za galimoto imeneyo dzina lotchulidwa limakhala limodzi, pomwe panali oiyendetsa, oitsuka ndi oikonza. Ku England zoterezi zimapezeka mwamwayi pansi pa katoni. Kwathu chiswe ndi chinyezi sizisunga kabuku ka pensulo zaka 70, ndiye chimene chilipo chili m'mitu ya anthu okalamba.

Ngati kwanu kuli agogo amene anali dalaivala kapena makaniko wa boma, wa mishoni kapena wa esiteti, pitani mukakhale nawo pakhonde. Afunseni mtundu wa galimoto, nambala yake, bwana wake, misewu imene ankadutsa, ndi kumene inapita atasiyana nayo. Nambala amaikumbukira, mudzadabwa. Mulembe zonsezo, ndipo dzina lawo lonse mulilembe pamwamba pa tsamba.